Kodi ku Ulaya n'kukafika pa sitima yapamadzi motchipa, osakwera ndege?

Mai Tembo, Chelstone:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Amayi anga akufuna kukaona adzukulu ku Ulaya koma ndege amaiopa kwabasi. Ena akuti sitima zonyamula katundu zimatenga anthu pa mtengo wochepa. Kodi n'zoona? Nanga munthu wochokera kuno ku Lusaka angayambire pati?

Bambo Zulu, Kabwata:
Mai Tembo, za sitima zakatundu iwalaniko. Kale zinkatengadi anthu, koma osapitirira 12, chifukwa malamulo apanyanja amati chombo chikanyamula oposa pamenepo ndiye kuti ndi cha anthu apaulendo, ndipo malamulo ake ndi okhwima. Mtengo unkawerengedwa pa tsiku, ma euro 100 mpaka 150, chakudya chili momwemo. Ulendo wa milungu itatu ndi ma euro oposa 2,000, kuposa tikiti ya ndege yopita ndi kubwerera. Mliri wa Covid utabuka mu 2020 makampani ambiri analeka kutenga anthu, ndipo amene anayambiranso ndi ochepa kwambiri. Kwa munthu wachikulire kuli vuto lina: m'sitima zimenezi mulibe dokotala, amafuna kalata yakuchipatala, amaika malire a zaka, ndipo masitepe okwerera pa doko ndi otsetsereka. Tsiku lonyamuka limatsatira katundu, moti munthu angathe kudikira pa doko masiku angapo akulipira malo ogona.

Mai Daka, Woodlands:
Njira yokhayo imene ndingalangize amayi achikulire ndi sitima zikuluzikulu za alendo okaona malo, pa nthawi imene zikusamuka. Kampani ya MSC imabweretsa sitima ku South Africa cha mu Novembala, imayendetsa maulendo aafupi kuchokera ku Durban ndi Cape Town, kenako cha mu Epulo imabwerera ku nyanja ya Mediterranean. Ulendo wobwererawo umatenga milungu itatu kapena kuposerapo. Sitimayo imayenera kupita basi, kaya yadzaza kaya ayi, n'chifukwa chake mtengo wa usiku umodzi umatsika. Mulinso dokotala, zikepe zokwerera m'mwamba ndi chakudya katatu pa tsiku. Wopita ku Britain afufuze za Cunard, amene amagulitsa zigawo za ulendo wozungulira dziko, monga Cape Town mpaka Southampton.

Mtengo umene mumauona pa intaneti ndi wa munthu mmodzi m'chipinda cha awiri. Wogona yekha amalipira pafupifupi kawiri, ndiye ndi bwino amayiwo apite ndi wowaperekeza. Onjezanipo ndalama ya antchito imene amaidula tsiku lililonse, zakumwa, ndi kuonana ndi dokotala, komwe n'kolipira padera. Chipinda chotchipa ndi chamkati chopanda zenera. Sankhani cha pakati pa sitima, cha m'munsi, chifukwa ndi pamene sipagwedezeka kwambiri. Kutsogolo ndi pamwamba n'kumene chizungulire ndi nseru zimavuta, makamaka pozungulira Cape, kunsonga ya kum'mwera kwa Africa.

Pofika ku doko, sitima yapamtunda ya TAZARA ya ku Kapiri Mposhi ingakukopeni, koma makilomita 1,860 amenewo akukafikitsani ku Dar es Salaam komwe sitima zoterezi n'zosowa. Lowerani kum'mwera: basi yochokera pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka mpaka Johannesburg imadya tsiku lathunthu ndi maola ena, kenako ina ya ku Durban, makilomita pafupifupi 570. Fikani kutatsala masiku awiri. Basi ikachedwa pa boda sitima sidikira, ndipo ndalama sabweza.

Bambo Mwanza, Kamwala:
Zonsezi n'zoona, koma chimene chimagwetsa anthu a pasipoti ya Zambia ndi viza. Sitima imaima m'mayiko angapo, ndipo ngati mulibe chilolezo cha dziko limodzi lokha mwa amene amachifuna, amakubwezani pokwera, ngakhale mutalonjeza kuti simudzatsika. Tengani mndandanda wa madoko onse musanalipire. Viza ya Schengen, yomwe ndi imodzi yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, ipempheni yolowera kangapo. Chifukwa chake n'chakuti sitima ikaima ku zilumba za Canary, zomwe ndi za Spain, mwalowa kale. Ikakocheza ku Morocco mwatuluka, ndipo viza yolowera kamodzi yathera pomwepo musanafike ku Barcelona kapena Genoa. Malipiro a vizayi ndi ma euro 90 kuyambira mu 2024, ndipo amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera ma euro 30,000. Mutha kupempha kutatsala miyezi 6. Britain siili mu Schengen, viza yake ndi yapadera.

Funso lalikulu ndi lobwerera. Viza ya Schengen imalola masiku 90 okha mwa masiku 180. Amayi akafika mu Meyi, sitima yobwera kuno imanyamuka cha mu Okutobala kapena Novembala, masiku awo atatha kalekale. Ndiye ulendo umodzi udzakhala wa ndege ndithu, ndipo tikiti yopita kumodzi nthawi zambiri imadula kuposa theka la yopita ndi kubwerera.

Mai Tembo:
Zikomo kwambiri. Nanga maboti amatanga aja amene amati munthu amakwera ulere akamathandiza ntchito?

Bambo Zulu:
Amenewo ndi a achinyamata amphamvu, osati agogo. Amanyamuka ku Cape Town cha mu Januwale kudzera ku chilumba cha St Helena mpaka Brazil, kapena ku Las Palmas, ku zilumba za Canary, kumapeto kwa Novembala paulendo wa milungu iwiri kapena itatu wopita ku Saint Lucia, chilumba cha ku Caribbean; njira zonse ziwirizi sizikufikitsani ku Ulaya. Mumasonkha ya chakudya, mumalondera usiku mosinthana, ndipo mwini boti amafuna munthu amene anayendapo panyanja. Akuluakulu oona za olowa ndi kutuluka m'dziko kumene mukafikeko amafunsabe viza ndi tikiti yotulukira m'dzikomo. Kwa amayi anu, lembani papepala basi, malo ogona, chipinda cha awiri, maviza ndi ndege yobwerera, mufananitse ndi tikiti yochokera pa Kenneth Kaunda International Airport musanalipire chilichonse.