Kamphasa kamagetsi kofunditsa mphaka, R680: n'koyenera kugula?

Mayi a Tadala (Turffontein, ku Johannesburg): Abale muli pano ndithandizeni maganizo. Tili ndi mphaka wamkazi, wakalamba ndithu, tinamupeza pamene tinkalowa pamalo pano. Chiyambireni kumupatsa chakudya, makoswe pakhomo pathu anatheratu. Vuto ndi loti m'nyumba sagona. A landilodi anakaniza, komanso mwana wanga wamng'ono ali ndi mphumu, ubweya ukangomufika pamphuno usiku wonse n'kutsokomola. Ndiye amagona pakhonde, pa chiguduli kuseri kwa chitseko. June uno kwazizira moti m'mawa madzi a m'mbale yake amakhala ataundana pamwamba. Lero ndamupeza atadzipinda, makutu ali zii, akunjenjemera, mtima wandipweteka. Ku shopu ya ziweto ndaona kamphasa kamagetsi ka amphaka, R680. Amene munagwiritsapo ntchito, n'koyenera kugula?

Mjomba wa ku Mangochi: Musagule mayi! Musagule! Ine chaka chatha anandibera masanasana. Ndinaona pa intaneti munthu akugulitsa R450, akuti n'chochokera kunja, chotentha usiku wonse. Ndatumiza ndalama. Chabwera pulagi yake ya mano awiri aphwatalala, yosalowa m'soketi ya kuno. Ndagula adaputa, ndalama inanso. Chatentha masiku ochepa, kenako zii. Ndikumuimbira, foni sikulowa. Ndamulembera, wandibuloka. Mpaka lero chili pansi pa bedi.

Nachisale (Dedza): R680 chifukwa cha mphaka? Asisi, kuno ku Dedza kumazizira mpaka mano kuguguda, koma sindinaonepo pusi wogulidwa mphasa. Wathu amagona kukhitchini pambali pa mafuwa, phulusa likadali lofunda. M'mawa amatuluka ali mbuu, n'kudzinyambita, basi.

Mayi a Tadala (Turffontein): Achemwali, mafuwa ndiwatenga kuti kuno? Timaphikira pa kasitovu ka mapuleti awiri m'chipinda chomwe timagonamo.

Aphiri a ku Leeds: R680 ndi yochepa kwambiri imeneyo. Wanga ndinamugulira kanyumba ka matabwa, denga lake lofolera bwino, pansi pali kamphasa kamagetsi koyaka kokha akagonapo. Zonse pamodzi zinadutsa £120. Pachitseko cha nyumba yathu tinaboolapo kakhomo kake komwe kamatseguka kakawerenga microchip yake, kachizindikiro kamene anamuika pansi pa khungu, mphaka wa aneba sangalowe. Ali ndi inshuwalansi, katemera salumpha. Kuno chipale chimagwa chenicheni, koma iye sanayetsemulepo. Chiweto ukachisunga uzichisunga mokwanira.

Kamnyamata ka ku Ndirande: Aphiri, afunsa za mphaka wa ku Turffontein, sanafunse malipiro anu 😂

Aphiri a ku Leeds: Ndikungopereka chitsanzo mphwanga.

Madala a ku Germiston: Mphaka ali ndi ubweya. Nkhani yatha.

Anamwino (Pretoria): Madala, ubweya alidi nawo koma sikuti samva kuzizira. Thupi la mphaka limafunika likhale pa madigiri 38 mpaka 39, kuposa lathu. Wamphamvu, wonenepa bwino, amapirira. Koma wokalamba ndi tiana tating'ono kutentha kumawathawa msanga, ndipo akuti uyu wayamba kale kunjenjemera. Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700, n'chifukwa chake masana dzuwa limawala bwinobwino koma likangolowa kuzizira kumatsika mpaka pafupi ndi ziro. Mwaiwala kuti pa 10 July 2023 chipale chinagwa mumzinda muno anthu n'kumajambula pa mafoni?

Madala a ku Germiston: Chinagwa, amphaka sanathe.

Wakudimba (Randburg): Mayi a Tadala, ndiloleni ndilembe motalikirapo chifukwa ntchito imeneyi ndaigwira ndi manja angawa. Kumene ndimasamala maluwa, abwana amadyetsa amphaka ongoyendayenda, ndipo tinyumba tawo ndimapanga ndine. Palibe chingwe cha magetsi ngakhale chimodzi.

Pezani cooler box yoyera yopepuka ija ya styrofoam, imene amaikamo nsomba kapena nyama. M'mabutchala ndi m'malo odyera amangozitaya, mukapempha mwaulemu amakupatsani. Boolani khomo m'mbali, lozungulira, masentimita 15 basi, loti mphaka alowe modzipanikiza pang'ono koma galu asalowetse mapewa. Khomolo lisakhale pansi penipeni, likwere pang'ono kuti mphepo isamasese m'kati. Musaliboole pakati, liboolereni chakumapeto kuti akalowa akhale ndi ngodya yobisalamo. Chivundikiro mumate ndi tepi, pamwamba muikepo njerwa kuti chisauluke.

Chachikulu n'chakuti bokosilo likhale laling'ono. Anthu amaganiza kuti kumukonda mphaka n'kumupatsa chinyumba chachikulu, koma chachikulu sichifunda. Chimene chimatenthetsa m'katimo ndi thupi lake lomwe, bokosi ntchito yake n'kusunga kutenthako ngati fulasiki ya tiyi. Angokwana kutembenuka ndi kudzipinda, kwatha.

Musaliike pa simenti. Simenti ndi imene ikumupha mphaka wanuyo, imakoka kutentha usiku wonse, chiguduli chimodzi sichingatchinge. Ikani njerwa ziwiri, thabwa pamwamba, bokosi pa thabwapo, khomo liyang'ane kukhoma, mungosiya mpata woti adutse. M'kati muikemo udzu wouma wa mapesi a tirigu, umene kuno amati straw, wodzaza ndithu kuti azidzikwirira. Osati udzu wodyetsa akavalo uja, umenewo umayamwa chinyezi n'kuchita nkhungu. Udzu wofolera nyumba wouma bwino umagwiranso ntchito. Bulangete ayi.

Nachisale (Dedza): Eya, amenewa ndiye mawu. Katoni, udzu, basi.

Mayi a Tadala (Turffontein): Zikomo kwambiri achimwene. Koma bulangete lalakwanji? Ine ndimati ndimuikire juzi yakale ya bambo a Tadala.

Wakudimba (Randburg): Nsalu imayamwa chinyezi. Mphaka akalowa ndi mapazi onyowa ndi mame, bulangete limanyowa n'kukhala lozizira, ndiye amagona pa chinthu chomulanda kutentha. Udzu sutero, madzi amatsikira pansi iye n'kukhala pouma.

Asisi a ku Benoni: Zimenezo nzoona ku Cape Town kumene mvula imagwa nthawi yozizira. Kuno ku Gauteng June ndi July kumakhala gwaa, milomo kung'ambika. Wanga amagona pa bulangete la ana chaka ndi chaka, silinanyowepo. Ndimangoliyanika padzuwa masana. Ndipo straw mukunenayo mayiwa akaipeza kuti ku Turffontein? Akwere taxi kukafuna udzu?

Wakudimba (Randburg): Mashopu a zakudya za ziweto amagulitsa. Belo imodzi ikwanira misewu itatu ya amphaka.

Asisi a ku Benoni: Ndiye agule belo yonse chifukwa cha mphaka mmodzi, aisunga pati m'chipinda chimodzi?

Mlongo wa ku Mzuzu: Kuno bulangete panja musayerekeze. Kamvula kowaza kaja kakayamba, chilichonse cha pakhonde chimachita chinyontho. Ife tinaika katoni m'kati mwa beseni lakale la pulasitiki, pakati tinatsendera manyuzi. Mphaka anaberekeramo ana, onse anakula.

Mjomba wa ku Mangochi: Ndipo munthu uja akugulitsabe! Ndamuona sabata yatha, wasintha dzina koma zithunzi ndi zomwezija, mphaka wofiira atagona pa mphasa. Tsopano akuti R520. Anthu opanda chisoni. Ndalama imene ndinaivutikira nditaimirira pa geti usiku wonse m'chisanu.

Kamnyamata ka ku Ndirande: Pepani mjomba, koma mayiwa akukagula m'shopu, apatsidwa lisiti.

Mjomba wa ku Mangochi: Fakitale yake ndi imodzi!

Bambo a Yamikani (Kempton Park): Chimene simukunena ndi mayunitsi. Chilichonse chotenthetsa chimadya magetsi. Ine hita ndinaisiya chifukwa mita imathamanga ukuiona. Mugula R680, kenako mwezi uliwonse R300 ya mayunitsi chifukwa cha pusi.

Wamagetsi (Boksburg): Bambo a Yamikani, apo ndiye ayi. Hita yanu ndi ya mawati 2,000. Timphasa ta amphaka timeneti tambiri ndi ta mawati 20 kapena kuchepera. Werengani nokha: mawati 20 kwa maola 10 ndi mayunitsi 0.2 usiku umodzi, pamwezi mayunitsi 6. Ketulo yanu imadya kuposa pamenepo. Ine nkhawa yanga si mayunitsi, ndi chingwe. Pakhonde pali soketi? Ngati palibe ndiye kuti mudutsitsa extension pansi pa chitseko kapena pawindo, chitseko chizidya chingwe tsiku ndi tsiku, panja pali mame, pali makoswe otafuna. Muyang'ane pa bokosi lake ngati analemba kuti n'ka panja, komanso ngati kali ndi transformer yotsitsa magetsi kufika pa 12V. Tambiri ta m'mashopu n'ta m'nyumba. Bulangete lamagetsi la anthu musamuikire ngakhale pang'ono, zikhadabo zimaboola waya.

Bambo a Yamikani (Kempton Park): Masamu anuwo akawafotokozere a landilodi akaona chingwe chatuluka pawindo.

Mayi a Tadala (Turffontein): Apo mwalasa. Magetsi timalipira pamodzi ndi lendi, ndipo mayi a nyumba amayendera zipinda kuona amene ali ndi hita. Soketi pakhonde palibe.

Aphiri a ku Leeds: Ndiye gulani SnuggleSafe, mbale ija mumaitenthetsa mu microwave n'kuiika m'kathumba kake. Ilibe chingwe, opanga ake amati imasunga kutentha mpaka maola 10. Ndili nazo ziwiri, ina ya m'galimoto tikamapita naye kwa dokotala.

Asisi a ku Benoni: Maola 10 m'nyumba mwanu motentha kale. Panja pofika 3 koloko m'bandakucha yazirala, nthawi yomwe chisanu chimaluma kwambiri. Ndipo kuno ndinaiona yodula kuposa kamphasa akunenaka.

Aphiri a ku Leeds: Kuno sinafike £25.

Asisi a ku Benoni: Kuno si Leeds.

Madala a ku Germiston: Muikireni mbaula pafupi akagone akuwotha.

Anamwino (Pretoria): Madala, chonde zimenezo musalembe ngakhale mocheza. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, sununkha, suoneka. Chaka chilichonse nyengo ino anthu amapezeka atafa m'zipinda chifukwa chogona ndi mbaula. Khonde limeneli lili pachitseko cha chipinda chomwe mukugona mwana wa mphumu. Ndiye bokosi la styrofoam ndi udzu pafupi ndi moto? Ayi. Ngati mukufuna chofunditsa chotchipa, botolo la madzi otentha lokulunga m'sokosi yokhuthala, lisamukhudze khungu mwachindunji. Lizirala pakati pa usiku, koma m'bokosi lotsekeka bwino limathandiza. Ndipo mayi, mphaka wokalamba akamanjenjemera, muone ngati akudya bwino, ngati waonda, ngati akumwa madzi mopitirira. Mwina si chisanu chokha. Ku SPCA, bungwe losamalira nyama lija, amaona ziweto, R680 imeneyo mwina ingagwire ntchito yabwino kumeneko.

Makaniko wa ku Jeppe: Ine za mphasa sindikudziwa, koma amene muli ndi galimoto pabwalo muzimenya boneti m'mawa musanalize injini. Mphaka akasowa pofunda amakwera kudzera pansi n'kukagona pa injini yotentha. Ndatsegulapo boneti ya kasitomala, zimene ndinapeza pa fan belt sindingazilembe pano. Komanso antifreeze, mankhwala othira m'madzi a injini aja, akadontha pansi mutsukepo msanga, akanyambita pang'ono pokha impso zimawonongeka.

Mayi a Tadala (Turffontein): Mayo ine, a landilodi amaimika galimoto yawo ya bakkie pafupi ndi khonde lomwelo.

Nachisale (Dedza): Mwaona? Mumuonjezere chakudya madzulo, ka usipa kapena mitu ya nkhuku. Mimba ikakhuta thupi limafunda lokha. R680 mutumize kuno tigulire ana majuzi pa kaunjika.

Bambo a Yamikani (Kempton Park): Ine ndaona kamphasa komweko R399 kumsika wa ma China.

Wamagetsi (Boksburg): Si komweko.

Bambo a Yamikani (Kempton Park): Mtundu wake womwewo, bokosi lomwelo.

Mjomba wa ku Mangochi: Langanso bokosi linali lokongola.

Asisi a ku Benoni: Palinso timphasa topanda magetsi, m'kati muli pepala lonyezimira lobweza kutentha kwa thupi lake. Ndinagula R180. Koma wanga anakakana, kamachita phokoso akapondapo, anabwerera pa bulangete lake.

Wakudimba (Randburg): Amakana chilichonse chachilendo poyamba. Muikemo kachidutswa ka chiguduli chimene amagonapo kale kuti amve fungo lake, chakudya muziika pafupi ndi khomo koma osati m'kati. Madzi nawonso panja, akatayikira m'kati mwawononga zonse. Musamukankhiremo, alowa yekha.

Mayi a Tadala (Turffontein): Bambo a Tadala abwera ndi cooler box kuchokera ku butchala ya pakona, yasweka pang'ono pangodya koma tamata. Udzu sitinaupeze, taikamo juzi ija. Kamphasa sindinakachotse m'maganizo, ndikafunsa ngati kali ka 12V, mwina mayi a nyumba ndingawanyengerere mwezi ukatha.

Wakudimba (Randburg): Juziyo muziitulutsa padzuwa m'mawa uliwonse. Loweruka ndikudutsa chakumeneko, ndikutengerani udzu m'thumba.

Aphiri a ku Leeds: Ine ndikanagula basi.

Mjomba wa ku Mangochi: Awamagetsi, changa chija mungachione ngati chingakonzeke? Mukachidzutsa ndiwagulitsa mayiwa R250.

Wamagetsi (Boksburg): Jambulani pamene analemba ma volts munditumizire ku inbox. Ngati analemba 110V ndiye chinapsa ndi magetsi a kuno, musachilumikizenso.