Thandizeni pa za Macbeth wa Shakespeare

Abale ndi alongo, makamaka aphunzitsi a Chingerezi, ndithandizeniko. Mwana wanga ali Fomu 4 ndipo akuwerenga Macbeth, sewero la William Shakespeare, mlembi wa ku Stratford-upon-Avon amene anabadwa mu 1564 n'kumwalira mu 1616.

M'seweroli Macbeth akubaya Mfumu Duncan usiku ili m'tulo, pomwe inali mlendo m'nyumba mwake. Koma mbiri ya Scotland imati Duncan anafera kunkhondo mu 1040, ndipo Macbeth analamulira mpaka 1057. Nanga Shakespeare anasinthiranji nkhaniyi? Kodi n'zoona kuti ankafuna kusangalatsa Mfumu James ya m'nthawi yakeyo, yemwe ankati ndi wa mbumba ya Banquo, mnzake wa Macbeth m'seweroli?

Chomwe chikundivuta kwambiri ndi mayeso. Mwana atatchulako mbiri yeniyeniyi poyankha, zingamupindulire, kapena ochonga amangofuna za m'buku? Chonde ndiunikireni.