Mahedifoni a Malume ndi msonkhano wa chiliza

Malume (Chipata): Moni nonse a pabanja. Ndayesanso mahedifoni amene munandigulira aja, koma ine ndikumva mawu bwinobwino pa laputopu pamene anzanga sakundimva. Zikapitirira chonchi, sindikuona mmene ndingatsogolere msonkhano wa chiliza cha Agogo pa Zoom Lamlungu likubwerali.

Mphwa (Lusaka): Malume, chonde yang'anani kunsonga kwa chingwe. Kodi kuli pulagi imodzi kapena mapulagi awiri?

Malume (Chipata): Kuli awiri, yobiriwira ndi yapinki. Ndalowetsa yobiriwira chifukwa laputopuyi ili ndi bowo limodzi lokha.

Mphwa (Lusaka): Vuto lagona pamenepo. Yobiriwira imabweretsa mawu m'makutu, pamene yapinki, imene ikulendewera panjayo, ndiyo ya maikolofoni. Bowo limodzi lotere limafuna pulagi ya mizere itatu, choncho pafunika kachingwe kotchedwa splitter, kokhala ndi mabowo awiri mbali ina ndi pulagi imodzi mbali inayo. Musalole kuti akugulitseni kogawira mahedifoni awiri, chifukwa kamafanana nako koma sikanyamula maikolofoni.

Azakhali (Katete): Ine ndinapereka kale K100 yanga ya mahedifoni amenewa. Amene anatumidwa kukagula akanafunsa kaye ana odziwa za kompyuta, monga ndinanenera tsiku lija.

Mlamu (Chipata): Ndinagula zimene ndalama zimene zinalipo zikanakwanitsa, Azakhali. Mwa mabanja asanu ndi atatu, anapereka ndi asanu okha, ndipo yokwerera basi ndinachotsa m'thumba mwanga.

Azakhali (Katete): Mwa asanuwo ndilimo, ndipo sindiperekanso. A ku Kitwe akuwerenga mauthengawa koma ali chete, monga anachitira pa nthawi ya malata.

Achemwali (Johannesburg): Nkhani ya malata tiisiye, chonde. Kodi simenti ya chiliza yafika kumudzi ku Chadiza? Mvula ikayamba, galimoto idzavutika pamsewu uja.

Amayi aang'ono (Petauke): Womanga akuti matumba amene alipo ndi ochepa. Ndalama yanga ya simenti ndidzatumiza ndikagulitsa mtedza.

Malume (Chipata): Za simenti tikambirana pa msonkhano, ngati mudzandimve. Mlamu wandipezera kachingwe kaja ku msika wa Kapata, ndalumikiza, koma mdzukulu wanga akuti sakundimvabe.

Mphwa (Lusaka): Tsegulani Settings pa Windows, pitani pa Privacy, kenako pa Microphone, muone ngati mapulogalamu aloledwa kugwiritsa ntchito maikolofoni. Mukatero, lowani mu Zoom pa Audio, musankhe maikolofoni ya mahedifoni m'malo mwa ya laputopu, ndipo mulankhule kuti muone ngati kamzere kosonyeza mawu kakuyenda.

Malume (Chipata): Zonse ndi zololedwa, koma kamzereko kangoti zii.

Mphwa (Lusaka): Pepani Malume, kodi pachingwe palibe kabatani kotsekera mawu?

Malume (Chipata): Kalipo, ndipo kanali kotseka. Tsopano kamzere kakuyenda, mdzukulu wandimva.

Mlamu (Chipata): Zikomo. Ndalama ya kachingwe ndinabwereka pa ndalama zogulira simenti, choncho mabanja atatu otsala atumize zawo pa foni lisanafike Loweruka.

Azakhali (Katete): Ine K100 yanga ndinapereka kale. Popeza Malume tsopano akumveka, Lamlungu atiwerengere mayina a amene anapereka, mmodzimmodzi.

Achimwene (Kitwe): Kodi msonkhanowu uyamba nthawi yanji?