Za rectocele ija, ndabwera kudzakuuzani momwe zinathera

Zikomo amayi nonse amene munandiyankha nditafunsa za chotupa chomwe ndinkachimva m'njira ya abambo, chimbudzi chikukana kutuluka chonse ngakhale ndichime bwanji.

Ndinamvera amene munati ndisathamangire opaleshoni. Adokotala atandiyeza anati ndi rectocele, kutanthauza kuti thumbo lomaliza likukankha khoma lakumbuyo la njirayo chifukwa minofu inafooka pobereka, ndipo kudzimbidwa kumangowonjezera. Ndinasiya ufa woyera n'kuyamba mgaiwa, nyemba, masamba ndi mapapaya, madzinso ambiri. Anandiphunzitsa masewera a Kegel, omwe ndi ofinya ndi kumasula minofu ya kumusi kuti ilimbe, komanso kukanikiza khomalo ndi chala chosamba bwino pochita chimbudzi. Zimenezi ndinkachita nazo manyazi, koma ndi zomwe zandithandiza kwambiri. Pessary, mphira yoika mkati mwa njirayo kuti ichirikize khomalo, inkangotuluka, ndiye tinaisiya.

Chotupacho chikadalipo, koma kuchima kunatha.

Kwa amene mukuganiza za opaleshoni: adokotala ananena mosabisa kuti imakonza chotupacho, koma kudzimbidwa kutha kupitirira, ndipo ena amamva kuwawa pogonana. Funsani zimenezi musanavomere. Ngati chimbudzi chanu ndi chokhalira, ikani kampando kumapazi kuti mawondo akwere.