Kukonzanso magetsi pa zilumba za Galápagos popanda kuwononga zachilengedwe

Wazamawaya wa ku Zomba analemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaidziwa bwino ntchito ya magetsi. Ndakhala ndikuwerenga za zilumba za Galápagos za dziko la Ecuador, zomwe zili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera kumtunda, ndipo magawo 97 pa 100 aliwonse a nthaka yake ndi malo otetezedwa omwe boma linakhazikitsa mu 1959. Komabe kumeneko kumakhala anthu, kuli zipatala, mahotela ndi asodzi ofuna kusunga nsomba m'mafiriji. Kodi majenereta a dizilo akakalamba, anthu n'kumachulukirachulukira, amisiri amawonjezera bwanji magetsi pamalo osaloledwa kukumba mwachisawawa? Kodi sichingakhale chanzeru kungosiya zinthu momwe zilili kuti nyama zisasokonezeke?

Mmisiri wopuma pantchito anayankha:

Achimwene, kusiya zinthu momwe zilili n'kumene kunabweretsa tsoka lalikulu pa zilumbazo. Dizilo yense amene majeneretawo amamwa amayenera kubwera pa sitima, ndipo mu Januwale 2001 sitima yonyamula mafuta yotchedwa Jessica inatitimira pamiyala pafupi ndi doko la Puerto Baquerizo Moreno pa chilumba cha San Cristóbal, mafuta n'kutayikira m'nyanja. Poyamba zinkaoneka ngati zilumbazo zapulumuka chifukwa mphepo ndi mafunde zinakankhira mafuta ambiri kutali, koma patatha chaka akatswiri anapeza kuti pa chilumba cha Santa Fe, ma iguana a m'nyanja 62 pa 100 aliwonse anali atafa. Amenewa ndi abuluzi akuluakulu ofananako ndi ng'azi, omwe amadya ndere za pansi pa nyanja ndipo sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi.

Ngozi imeneyi ndi imene inafulumizitsa ntchito yoika makina atatu opukusa magetsi ndi mphepo pa San Cristóbal, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2007, aliyense wotulutsa makilowati 800. Chimene ine chimandigwira mtima si makinawo ayi, koma mmene anasankhira malo. Kumapiri a chilumbacho kumaswana mbalame ya m'nyanja yotchedwa Galápagos petrel, yomwe ili pangozi yotheratu. Mbalameyi imaikira mazira kuuna wa pansi ndipo imabwerera kuchisa kukada, nthawi imene singaone waya wopingasa mumlengalenga. Amisiri anayamba ayang'anitsitsa njira zomwe mbalamezi zimadzera, kenako anasankha phiri la El Tropezón, ndipo makilomita atatu a mawaya anawakwirira pansi m'malo mowapachika pamapolo. Kukwirira waya m'nthaka ya miyala ya chiphalaphala n'kodula kwambiri kuposa kudzika mapolo, koma ndikuona kuti ndalamazo zinagwira ntchito yoyenera.

Nachisale wa ku Leeds anayankha:

Ndikugwirizana ndi bambo amene ayankhawa, ndipo ndingowonjezera kuti nzeru ina imene anagwiritsa ntchito ndi yomanga pamalo omwe anthu anasokoneza kale. Chilumba cha Baltra chinali ndi bwalo la ndege la asilikali a ku America pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, choncho n'kumene anaimika makina ena atatu a mphepo. Anthu ambiri amakhala ku Puerto Ayora pa chilumba cha Santa Cruz, motero magetsiwo amayenda makilomita pafupifupi 50, ndipo powoloka kamtsinje ka nyanja ka Itabaca waya amadzera pansi pa madzi.

Wophunzira zauinjiniya anayankha:

Ndisanene kuti vutoli linatha, chifukwa mpaka pano gawo lalikulu la magetsi a ku Galápagos limachokerabe ku dizilo. Mphepo imawomba mokwanira m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Juni mpaka kumapeto kwa chaka, koma imachepa m'miyezi yotentha, nthawi imene anthu amayatsa kwambiri makina oziziritsa m'nyumba. Komanso, kupatula Baltra ndi Santa Cruz, chilumba sichingabwereke magetsi kwa oyandikana nacho monga amachitira mayiko akumtunda, kotero kuti mtambo ukaphimba masola kapena mphepo ikadukiza mwadzidzidzi, mphamvu ya magetsi imagwedezeka ndipo tauni yonse ikhoza kuzimiridwa. N'chifukwa chake pa Isabela, mu 2018, anatsegula malo ophatikiza masola, mabatire ndi majenereta otha kuyendera mafuta a nsatsimanga, omwe amalimidwa kumtunda m'chigawo cha Manabí. Mafuta amenewa akatayikira m'madzi amawola msanga kusiyana ndi dizilo. Anzathu a ku Likoma ndi Chizumulu akhoza kulimvetsa bwino vutoli, pakuti nawonso dizilo wawo amawoloka pamadzi, ndipo kumenekonso anaikako masola kuti majenereta apumuleko.

Mmisiri wopuma pantchito anayankhanso:

Mwalankhula zoona, mwanawe, ndipo pali mbali ina imene olemba mapulani amaiwala, yomwe ndi kusamalira zipangizo zikaikidwa. Ndinagwirapo ntchito m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo ndinaona ndi maso anga bokosi la thiransifoma lomwe kunja linkaoneka lalitsopano, koma nditatsegula chitseko chake mabawuti anali atadyeka ndi dzimbiri mpaka kumanyenyeka m'manja. Ku Galápagos chipangizo chikawonongeka, cholowa m'malo mwake chimayenera kuchokera kumtunda, makamaka kudzera pa doko la Guayaquil, ndipo katundu yense amayamba wafufuzidwa kuti musabisale nyerere, makoswe kapena njere za zomera zachilendo. Ngakhale thabwa lokulungirapo waya likhoza kunyamula tizilombo toopsa kwa afulu ndi mbalame za kumeneko. Choncho, achimwene a ku Zomba, mukamaphunzira za ntchitoyi musamangowerengera makilowati okha, koma muzifunsanso kuti pachilumbapo pali amisiri angati odziwa kukonza makinawo, ndiponso kuti m'nyumba yosungiramo katundu muli zipangizo zokwanira kudikirira sitima yotsatira.