Abwana akuti ndizibera sikelo pogula soya, ine wopemphera nditani?

Mnyamata_waDowa:
Moni nonse abale. Pali nkhani yandisowetsa tulo ndiye ndati ndifunse kuno poti kutchalitchi ndikuchita manyazi kuyiyamba. Ndinapeza ganyu yogula soya ndi mtedza pa msika wina kuno ku Dowa, abwana anga amakhala ku Lilongwe amangotumiza ndalama pa foni ine nkumagula, lole imabwera kumapeto kwa sabata kudzatenga katundu. Sikelo yake ndi ija yokoloweka pa mtengo yokhala ngati wotchi ija. Tsono anandionetsa kachitsulo kena kuti ukakapotokola muvi umabwerera mmbuyo, thumba la 50 kg limaonetsa 47 kapena 48, akuti mavenda onse amatero ndipo popanda zimenezo transipoti siingabwezeke. Komishoni yanganso ikuchokera pa makilo otsalawo. Vuto ndi loti azimayi amene amabwera ndi soya pamutu ena timapemphera nawo limodzi, ine ndimayimba kwaya, Lamulungu amandiona kutsogolo Lolemba ndikuwayezera. Dzulo gogo wina anangoti mwana wanga kunyumba ndinayeza zinakwana ndowa zitatu bwanji pano zachepa, ine kusowa choyankha. Ntchito ndikuyifuna, ndikulipirira mlongo wanga fizi ya Form 3. Kodi tchimoli ndi langa kapena la abwana poti ine ndangotumidwa?

Mayi_aMvano:
Mwana wanga, mtima wako wakuyankha kale, nchifukwa chake tulo sukuliona. Tsegula Miyambo 11:1, akunena poyera kuti muyeso wachinyengo umamunyansa Yehova. Pa Deuteronomo 25:13-16 Mulungu analetsa ngakhale kusunga kumene miyala iwiri yoyezera mthumba, waukulu ndi waung'ono, ndiye si nkhani yachilendo ayi, mavenda a nthawi ya Mose ankachitanso zomwezi. Zoti wangotumidwa usadzinamize nazo, dzanja lopotokola kachitsuloko ndi lako ndipo maso amene gogoyo anayang'ana ndi ako, abwanawo sawadziwa nkomwe. Ine ndinalimapo soya ndikudziwa mmene msana umawawira pozula ndi pomenya, makilo atatu amenewo kwa mayi wamasiye ndi sopo ndi mchere wa mwezi.

Venda_wakale:
Amayi mwanena zoona koma tiyeni tionenso mbali inayi, ine ntchito imeneyi ndayigwira ku Mchinji ndi ku Kasungu. Alimi nawonso si angelo ayi, ena amawaza madzi usiku kuti soya alemere, ena amathira mchenga kapena timiyala pansi pa thumba, iwe ukafika nazo ku kampani ku Kanengo amakuyeza chinyezi nkukudula makilo kapena kukubweza kumene, ndiye venda akamabera sikelo amati akudziteteza. Mtedza ukauma umapepukanso, ugule 50 lero pakatha masabata awiri siukwananso 50. Sindikuti kuba nkwabwino, ndikungoti aphwangawa asaganize kuti abwana awo ndi satana weniweni, bizinesi ya mbewu ili ndi zotayika zambiri zimene mlimi saziona. Pamene ine ndimasiyanitsa ndi apa: kudula makilo mlimi akuona ndi kudula mobisa ndi zinthu ziwiri. Sikelo ikhale pa ziro, mlimi awerenge yekha, ndiye umuuze kuti pa thumba lililonse tikuchotsa kilo imodzi ya thumba ndi zinyalala, soya wanu ngati ali wonyowa kayanikeni kaye kapena mtengo utsika chakuti. Akavomera wavomera, akakana apita kwa wina. Mmenemo mulibe chinyengo, ndipo alimi amauzana msanga kuti sikelo ya uje ndi yabwino, mzere umatalika wokha.

Tiya_Joni:
Achimwene samalaninso za lamulo. Masikelo a malonda amayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards ndipo akakupezani ndi yopotokola wogwidwa ndinu amene muli pa sikelopo, abwanawo adzangozimitsa foni. Bambo anga kumudzi amapita ndi paketi ya shuga ya 1 kg kapena chigubu cha 20 lita chodzadza madzi, amati kaye koloweka ichi tione, chikapanda kuonetsa pafupifupi 20 kg sagulitsa. Alimi achenjera masiku ano, tsiku lina adzakuyesani choncho pamsika anthu ali mbwee, ndiye dzina loipalo lidzakutsatani mpaka ku kwaya.

Mkulu_waMpingo:
Mwana wanga, choyamba ndikuthokoze kuti wafunsa, ambiri amangozolowera mpaka chikumbumtima chimafa. Funso lako loti ndisiye ntchito kapena ayi linafunsidwaponso pa Luka 3:12-14. Okhometsa msonkho ndi asilikali anapita kwa Yohane kukabatizidwa nafunsa kuti ife titani, iye sanawauze kuti siyani ntchito, anangoti musalandire zopyola zimene anakulamulani, musalande za anthu, malipiro anu akukwanireni. Ndiye iwenso usathamangire kusiya, yamba wayankhula ndi abwana ako mwaulemu, auze njira imene anena a Venda_wakale pamwambapa, ya kudula poyera. Werengera nawo bwinobwino: makilo 2 pa matumba 100 ndi makilo 200, matumba 4 athunthu otengedwa kwa anthu osadziwa. Mwina iwonso sanayiganizirepo motero.

Chimene chimandiwawa ine kwambiri ndi Amosi 8:4-6. Anthu aja ankasunga Sabata ndithu, sankajomba, koma ali mkati mopembedza mtima uli pa kuti litha liti tikatsegule malonda tichepetse muyeso. Mneneriyo sankadzudzula akunja, ankanena anthu opemphera. Ifenso atsogoleri tili ndi mlandu pamenepa chifukwa timalandira chakhumi ndi zamasika mosangalala, kutchula maina a opereka zambiri kutsogolo, osafunsa kuti matumbawo anayezedwa bwanji. Ngati abwana akana ndithu ndiye pamenepo uyenera kusankha, ndipo usasankhe wekha, uza abusa kapena mkulu wa dera lako, nkhani ya fizi ya mlongo wakoyo mpingo uyidziwe, ndi ntchito yake imeneyo. Za gogo uja usazisiye mlengalenga, Zakeyu anabweza kanayi, iwe ngakhale makilo okhawo amene unadula uwabwezere pa komishoni yako.

Mnyamata_waDowa:
Zikomo kwambiri makolo ndi abale nonse. Mmawa uno ndabweza muvi pa ziro ndipo ndayesa ndi chigubu cha madzi chija achemwali a Tiya anena, anthu amene analipo aona okha. Abwana ndawayimbira, poyamba anakalipa kuti ndikufuna kuwaphunzitsa bizinesi ndili mwana, kenako anati tiyese sabata imodzi kudula kilo imodzi poyera koma matumba akachepa ku Kanengo adzandidula pa malipiro anga. Gogo uja amakhala kuseri kwa sukulu ndipita madzulo ano. A Venda_wakale chonde ndiuzeni mmene mumadziwira soya wowazidwa madzi popanda makina, chifukwa pamenepo ndi pomwe ndingagwe.

Venda_wakale:
Pisa dzanja mpaka pansi pa thumba usamangoona pamwamba, wowazidwa amazizira ndipo khungu lake limakwinyika. Luma njere zingapo, wouma amathetheka kuti khe, wonyowa amangophwatalala mmano. Ndipo thumba lililonse uzikhuthulira pa lona mwini wake akuona, mchenga ndi miyala zimatsala poyera.