Power bank yofufutika zilembo, amailola kukwera nayo ndege?

Abale odziwa za maulendo a pandege, ndithandizeni pa nkhani ya ma power bank.

Lamulo lake ndi lodziwika. Batire ya lithium yapayokha, monga power bank, siloledwa m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege. Iyenera kukhala m'chikwama cha m'manja, kuti ikatentha n'kuyamba kufuka utsi, ogwira ntchito m'ndege aione msanga n'kuizimitsa. Yosapitirira 100 Wh (watt-hour, muyeso wa mphamvu zomwe batire imasunga) nthawi zambiri imadutsa bwinobwino. Ya pakati pa 100 ndi 160 Wh imafuna chilolezo cha kampani ya ndege, ndipo salola zoposa ziwiri. Yoposa 160 Wh ndiye iwalani.

Povuta m'pakuti opanga ambiri amangolemba mAh (milliamp-hour, muyeso wina wa batire), osati Wh. Masamu ake ndi awa: mAh kuchulukitsa ndi 3.7 V (ma volt a batire ya lithium), kenako kugawa ndi 1,000, n'kupeza Wh. Ya 20,000 mAh imakwana 74 Wh, pomwe ya 27,000 mAh ili pamalire penipeni, 99.9 Wh. Ena amasokoneza pochulukitsa ndi 5 V ya pa USB, n'kupeza nambala yokwera kuposa yeniyeni.

Nanga zilembo zija zikafufutika chifukwa chokhulana ndi makiyi m'thumba? Makina a X-ray saonetsa mphamvu ya batire, wachitetezo amangodalira cholembedwa pachinthucho. Kodi mukamuonetsa bokosi lake kapena tsamba la pa intaneti la kampani yoipanga pa foni amavomera, kapena amangoilanda? Komanso posintha ndege pabwalo lina pomwe amafufuzanso katundu, chilolezo cha kampani ya ndege yoyamba ija chimagwirabe ntchito?